Tsiku Limene Ndinadzoza Mafuta Chifanizo cha Phula

Mai Nasibeko, amene anandilandira nditangofika kuno ku Dubai, anandichenjeza tili m'basi, sutikesi yanga ili pamiyendo. Anati: "Anachisale, kuno mukapeza ntchito muzidya muli chete. Musadzakokerepo mnzanu. Amene mwamutsegulira chitseko ndi amene amadzakhala pampando, inu n'kutsala ndi tsache." Iwo anali atagwira ntchito m'nyumba za eni dziko zaka zambiri, ndipo ndinawamva. Komanso ine si munthu wofunika kumuphunzitsa kukayikira anthu. Pasipoti ndimagona nayo m'pilo, ndipo shuga ndikamusiya m'kabati ndimalemba kamzere pabotolo.

Ndinabwera kudzalera ana a banja lina ku Discovery Gardens, kuti adzukulu anga anayi ku Ntcheu asasiye sukulu, popeza bambo wawo anapita ku Joni n'kuiwala njira. Mliri wa korona utafika, ntchito ya abwana anga ku ndege inatha. Ananyamula ana awo n'kubwerera kwawo. Ine ndinatsala ndi viza imene masiku ake ankatha ndikuona. Ndinapeza bedi m'fuleti ina komweko, akazi asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, aliyense kuseri kwa katani yake.

Ntchito imene ndikufuna kunenayi inabwera pafoni. Pa gulu la amayi a mapemphero wina analemba kuti kampani ina yokonza m'nyumba ikufuna anthu, ndipo idzawatumiza ku nyumba ya zifanizo imene inkatsegulidwa kumene. Ndinati awa ndi akuba, chifukwa nthawi imeneyo onamiza anthu ntchito anali mbwee. Ndinapita ku ofesi yawo kawiri osalowa, kungoima tsidya lina la msewu kuona olowa ndi otuluka. Ulendo wachitatu ndinalowa. Ananditokosa mphuno ndi kamtengo koyezera korona kaja, anandipatsa yunifolomu yotuwa, kenako anafunsa ngati ndikudziwa wina wofuna ntchito, poti malo analipo a munthu mmodzi.

Pabedi la pamwamba pa langa pankagona Esinati, mayi wa ana atatu wa ku Chipata. Saluni imene ankagwirako inali itatsekedwa ndi mliri. Ankalira mobisa kuseri kwa katani, bedi lonse n'kumagwedera, ine pansi ndikumva. Sindinganame kuti ndinamutenga chifukwa chomukonda. Ndinamutenga kuti bedi lisiye kugwedera.

Kwa inu amene simunalowemo, nyumba ya zifanizo ndi malo amene amaimikamo anthu otchuka oumbidwa ndi phula, longa la makandulo koma lolimba. Muli osewera mpira, oimba, a m'mafilimu a ku India, atsogoleri a maiko. Msinkhu ndi weniweni, makwinya alipo, timadontho ta pakhungu, ngakhale mitsempha ya kumbuyo kwa dzanja. Anthu amalipira kuti aime pambali pawo n'kujambulitsa. Sabata yonse yoyamba sindinapatse msana chifanizo chilichonse. Ndinkakolopa chobwerera m'mbuyo, maso ali pa iwo.

Basi ya kampani inkatifikitsa kutatsala maola atatu kuti alendo ayambe kulowa. Pakhomo ankatiyeza kutentha pamphumi, ndiye masiki kukamwa, magolovesi m'manja. Zida zathu zinali mopu wofewa, ndowa ziwiri, ina ya madzi a mankhwala ina yotsukuluzira, ndi makina okoka fumbi pakapeti. Nsalu zinali za mitundu itatu: yabuluu ya magalasi, yachikasu ya zitsulo zogwirira ndi mabatani a lifiti, yofiira ya kuchimbudzi. Ukasakaniza, kapitawo wathu ankakuuza ubwerezenso chipinda chonse. Tinkadzaza mabotolo a sanitaiza, n'kumatanso zizindikiro za pansi zosonyeza poima alendo. Mankhwala sitinkapopera m'mwamba. Unkayenera kutembenuka kaye, kupopera pansalu, ndiye n'kupukuta, kuti kadontho kasaulukire pankhope ya chifanizo.

Zifanizozo zinali ndi eni ake, anthu anayi ovala maepuloni akuda, ndipo mkulu wawo anali Madamu Lorna, mayi wamfupi wa ku Filipini woyenda ndi tochi m'thumba. Tsiku loyamba anatiimika pamzere n'kunena kuti: "Inu a zotuwa, pansi ndi panu. Kuyambira pansapato ya chifanizo kukwera m'mwamba ndi kwathu. Khalas, basi."

A maepuloni akudawo ankayenda ndi kangolo ka mashelefu. Ine ndinkakayang'ana m'mbali mwa diso mpaka ndinaloweza zonse: maburashi ofewa onga a paudala ochotsera fumbi, timitengo ta thonje topukutira m'makona a maso, penti wa mafuta m'timachubu, makina a nthunzi owongolera zovala, chowumitsira tsitsi chotulutsa mpweya wozizira wokha, ndi singano za tsitsi. Tsitsi lake ndi la anthu enieni, ndipo amalibaya m'phulamo limodzilimodzi. Amalitsuka ndi shampu ngati la munthu. Khungu nalo si mtundu wa phula ayi, ndi penti wopakidwa mopyapyala kambirimbiri, wina pamwamba pa mnzake.

M'chipinda cha oimba munali chifanizo cha mayi wina wakuda, wa kuno kwathu ku Africa, woluka tsitsi lalitali. Alendo ankakonda kumukolowekera mkono m'khosi pojambulitsa, ndipo m'mawa wina tinapeza malukidwe ena atamasuka. Madamu Lorna ndi mnzake analimbana nalo tsitsilo, likungoterereka. Esinati anali pafupi ndi mopu wake. Ine ndinamutsinzinira diso kuti akhale chete. Iye anati: "Madamu, mwayamba ndi pakati. Muyambe kumizu, mugawe patatu." Madamu anamuyang'ana, anamupatsa magolovesi atsopano. Ndisanamalize kukolopa chipindacho tsitsi linali litabwerera m'malo mwake. Mwezi usanathe, Esinati anavala epuloni yakuda.

Basi tinkakwera imodzi, koma tikatsika iye ankalowera khomo lina. Tiyi ankamwera kuchipinda cha a zifanizo, kumene kunali mipando ya khushoni. Pobwerera ankandifotokozera za ntchito yake ngati namwino wofotokoza za odwala: uyu lero ndamutsuka mutu, uyu nsidze yathothoka. Ine ndinkangoti "eya," mawu a Mai Nasibeko akundilira m'khutu. Ndinayamba kumulonda. Ndinkadziwa mphindi zimene wachedwa kuchimbudzi, ndinkadziwa tsiku limene anaiwala chipeso paphewa la wosewera mpira. Sindinamunenere kwa aliyense. Ndinkangosunga.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ine ndinali ndi luso langa, loposa kuluka. Kwathu, ku mpingo, ndinali mmodzi wa amayi osambitsa maliro kwa zaka zoposa makumi awiri. Ndimadziwa kugwira munthu amene sangathe kudzigwira. Ndimadziwa kulowetsa mkono wa diresi pa dzanja losapindika, kupesa tsitsi mutu osaugwedeza, ndi kudzoza nkhope kuti abale akabwera kudzaona asapeze m'bale wawo ali mbuu. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuuza Madamu Lorna zimenezi m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati: "Mama, awa sanamwalire. Sanakhalepo ndi moyo." Anandisisita paphewa n'kukankha kangolo kake.

M'miyezi yomweyo akulu anga anamwalira ndi korona kumudzi. Anaikidwa ndi anthu a zaumoyo ovala zoyera, atakulungidwa m'pulasitiki, osasambitsidwa, osadzozedwa. Ndinaonera pafoni, mdzukulu wanga akujambula kumudziko, chithunzi chikudukaduka. M'mawa mwake ndinapita kuntchito n'kupeza anthu awiri akutsuka mutu wa chifanizo ndi madzi ofunda pang'ono, wina atatchinga maso ake ndi dzanja kuti thovu lisalowe. Ndinaima ndi mopu wanga. Nsanje imene ndinali nayo pa Esinati inafalikira ndi pa zifanizo zomwe. Izo zinkakhala mozizira bwino, zopanda masiki, zikugwiridwa ndi manja aulemu tsiku ndi tsiku, pamene munthu amene anandibereka kumsana anapita ngati katundu.

Tsiku lovuta linabwera pambuyo pa tchuthi, alendo atachuluka. Anthu ankapaka sanitaiza pakhomo, manja asanaume n'kukagwira masaya a zifanizo, ngakhale panali chikwangwani choletsa. Tsaya lakumanzere la mayi woimba uja linatuwa, linachita mbuu ngati mwendo wa mwana m'chilimwe. Wopaka penti, amene yekha ankaloledwa kukonza nkhope, anali atamupeza ndi korona ndipo anali atabindikiritsidwa m'chipinda kwa masiku khumi. Madamu Lorna anati aliyense asagwirepo mpaka iye atabwera.

Masiku awiri ndinakolopa mozungulira mayi ameneyo. Anthu oyera khungu saimvetsa mbuu imeneyi. Kwa iwo kanali kachilema kakang'ono kodikira penti. Kwa ine anali mzimayi wa kwathu ataima pagulu, anthu a maiko onse akumujambula, nkhope ili ngati ya munthu wopanda abale. Ndipo Esinati, amene ankayenera kudziwa, ankangomukonza tsitsi n'kudutsa.

M'mawa wachitatu Esinati anamaliza tsitsi la mayiyo n'kukankhira kangolo kuchipinda china. Ndinatsala ndekha. Ndinkadziwa makamera onse a m'nyumbamo, ndipo ndinkadziwa kuti ya pakona imeneyo inali itatchingidwa ndi chinsalu chatsopano chokumbutsa anthu kutalikirana. M'thumba ndinali ndi kachitini ka mafuta odzola olimba aja, amene ndinachokera nawo kumudzi, popeza manja ankandisweka chifukwa cha magolovesi. Ndinavula golovesi lakumanja. Ndinatapa pang'ono ndi chala chachikulu, monga ndachitira pa nkhope zambirimbiri, n'kupaka kuyambira pafupa la tsaya kutsikira kuchibwano.

Tsayalo linawala. Mbuu yonse inachoka, khungu linabwerera kuda kwake kokongola. Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. M'maganizo ndinkaona kale Madamu Lorna akufunsa kuti wachita zimenezi ndani, ine n'kutulutsa kachitini kanga, Esinati ali poteropo akuonerera. Kunangotsala kamalo kakang'ono pafupi ndi khutu. Ndinabwerezanso, mokanikiza pang'ono kuti mafuta alowe.

Chala chinaterereka mwachilendo. Nditachiyang'ana chinali chabulauni. Patsaya panatsala banga loyera ngati kandulo, kukula kwake ngati chala changa chomwecho. Mafuta anali atasungunula penti. Ndinayesa kukokera mtundu wa m'mbali kuti uphimbe, bangalo linangokula. Ndinasiya. Ndinavalanso golovesi, penti ali kuchala, ndinanyamula mopu n'kupita kuchipinda cha osewera mpira.

Kutatsala theka la ola kuti atsegule, Madamu Lorna ankayendera chifanizo chilichonse ndi tochi yake. Ndinamva mapazi ake ataima. Sanakuwe. Anaitana Esinati ndi mawu otsika, ine ndikumvetsera kuseri kwa khoma.

"Wamaliza kumugwira ndani?"

"Ndine, Madamu. Tsitsi chabe."

"Apa pali mafuta. M'nyumba muno amagwira mafuta a tsitsi ndani?"

"Ndine, koma nkhope sininagwire."

"Vula epuloni. Ukadikire kuchipinda chodyera mpaka ndilankhule ndi akuluakulu."

Chifanizocho anachifunditsa nsalu yoyera n'kuchitulutsa pangolo alendo asanalowe. Kuno ntchito ndi viza ndi chinthu chimodzi. Esinati akanachotsedwa, akanakwera ndege kubwerera ku Chipata manja ali m'khosi, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Ndilembe zoona, popeza ndayamba. Maola atatu otsatira ndinagwira ntchito mopepuka thupi. Ndinapukuta zitsulo, ndinadzaza sanitaiza, ndinauza alendo akweze masiki. Pansi pa mantha panali kanthu kokoma ngati shuga wotsalira m'kapu. Kamera sinaone. Epuloni inali itapachikidwa pamsomali, ndipo ine ndinaiyang'ana kawiri kuona ngati ingandikwane.

Nthawi ya nkhomaliro ndinalowa kuchipinda chathu chodyera, cha mabenchi achitsulo. Esinati anali yekha, atakhala ndi bulauzi wake wamba, foni ili chafufumimba patebulo. Ndinakhala kumapeto kwa benchi.

"Agogo, simudya?"

"Ndilibe njala."

"Nanga magolovesi? Mupumula nawo?"

Ndinafumbata dzanja. Anayang'ana dzanja langa lakumanja nthawi yaitali.

"Mafuta aja niwadziwa fungo," anatero. "Nigona pamwamba panu, Agogo. M'mawa uliwonse niwamva."

"Ndiye pita ukanene. Ukudikira chiyani?"

"Ine nikanene munthu wamkulu kwa alendo? Amene ananipezera nchito?" Anapukusa mutu. "Kwathu sitichita tero. Manje imwe mudziwa mweka chochita."

Mukuganiza kuti mawu amenewo anandisungunula mtima. Ayi. Anandipsetsa mtima kuposa epuloni. Mwana ameneyu anali atandiposa pa tsitsi, tsopano ankandiposanso pa ulemu, atakhala phee pabenchi ngati wolakwa ndi iye. Ndinaganizanso kuti mwina ndi msampha, mwina wanena kale ndipo akungofuna aone ngati ndikana. Ndipo ngati sananene, ndiye kuti moyo wanga wonse ndidzakhala m'dzanja lake, kaya ali kuno kaya ali ku Chipata. Ine kukhala m'dzanja la munthu sindingathe. Anthu akafunsa ndimati ndinapita kukaulula chifukwa choopa Mulungu, ndipo pang'ono zinali choncho. Koma chimene chinandiimiritsa pabenchi paja chinali chakuti Esinati asakhale wabwino yekha.

Madamu Lorna ndinamupeza kuchipinda chokonzera, mutu wa mayi uja uli patebulo pansi pa nyale, atauchotsa pathupi. Sindinadziwe poyambira. Ndinangovula golovesi n'kuika dzanja patebulo. Penti anali ataumira m'mizere ya chala ndi pansi pa chikhadabo. Pambali pake ndinaika kachitini.

Anayang'ana chala, anatsegula kachitini, ananunkhiza.

"Chifukwa chiyani, mama?"

Ndinafunafuna mawu a Chingerezi onena mbuu, sindinawapeze. Ndinati: "Anali wouma. Kwathu mzimayi sapita pagulu ali wouma."

Anayang'ananso kachitini. Kenako anati mayi ake nawonso ankawapaka iye ndi abale ake mafuta a kokonati kumaso asanapite kutchalitchi, mpaka ankawala ngati mapoto. Anatseka kachitini n'kundibwezera. "Koma muno simungagwirenso ntchito. Ndipo mwasiya mnzanu akhale pabenchi m'mawa wonse. Chimenecho chandiwawa kuposa tsayali."

Anatenga epuloni pamsomali n'kundipatsa. "Mukamupatse ndinu."

Ndinayenda nayo mpita wonse ndili nayo m'manja. Inali yopepuka, nsalu wamba, ya matumba awiri. Esinati anailandira ndi manja awiri, anaivala, n'kutembenuka kuti ndimumange zingwe kumbuyo. Ndinamanga.

Tsayalo linatenga masabata atatu. Wopaka penti atachira anachotsa penti wa mbali yonseyo n'kuyambiranso, kupaka n'kudikira kuti aume, kupakanso n'kudikira. Ine sindinaone mathero ake. Kapitawo wathu, atamva nkhani yonse, anati yalla, tiye, nyamula zako, n'kundisamutsira ku nyumba yosungira zitsulo za magalimoto ku Ras Al Khor. Viza inatsala. Kumeneko ndi kumene ndili mpaka lero. Kulibe kuzizira kwa makina, fumbi lake ndi lakuda, ndipo palibe chimene ungachiwononge ndi chala.

Chimene ndinatolapo pa ntchito ija ndi ichi, kwa inu amene mukufuna ntchito yokonza m'malo a zinthu zodula. Dzanja likadziwa ntchito imodzi bwino limayamba kunama kuti limadziwa zonse. Musanagwire chinthu, funsani kuti chinapangidwa ndi chiyani, ndipo akakuuzani kuti malire anu ndi nsapato, imani pansapato. Chachiwiri ndi chovuta kuchilemba. Tsiku limene mukuona kuti mukufuna kuthandiza kwambiri, dzifunseni kuti mukufuna aone ndani. Ine ndinkati ndikuchotsa manyazi a mzimayi mnzanga, koma ndinasankha nthawi imene Esinati watuluka.

Esinati anasamukira kufupi ndi ntchito yake. Ndamva kuti tsopano amabayanso tsitsi ndi singano, ndipo akuphunzitsa ena. Amanditumizira moni, ndipo kawiri konse wanena kuti ali ndi tikiti yaulere, ndipite ndikaone mayi uja mmene anakonzekera. Sindinapite. Ndikamva dzina lake pamapemphero pamandilasabe penapake pansi pa nthiti, ndipo pa msinkhu wangawu ndasiya kuyembekeza kuti padzapola.

M'chipinda chathu tsopano muli anthu atsopano okhaokha, a zinenero zina, ndipo tsiku langa lopuma ndi Lachiwiri, pamene onse ali kuntchito. Shuga wa m'magazi wayamba kundivuta, nthawi zina ndimachita chizungulire ndikadzuka. Ndiye inu a kwathu amene muli kuno, amayi a mapemphero akudziwa pamene ndimakhala. Mukadutsa ku Discovery Gardens Lachiwiri, mudzandizonde. Mudzagogode, mudzatchule dzina lanu ndi mudzi wanu, ndi amene wakulozerani khomo. Ndikachedwa kutsegula musachoke msanga. Ndimakhala ndili pomwepo kuseri kwa chitseko, ndikumvetsera.